Woyamba ndi Mkanjo wa Lachinayi

Anatsika sitima ndi sutikesi yomanga ndi lamba, nsapato zomuthina, ndi mawu a malume ake akadali kulira m'makutu. "Ukabwere ndi pepala, mphwanga. Chipatala chathu chilibe wosakaniza mankhwala, ndipo ndauza kale anthu kuti malowo ndi ako. Usandichititse manyazi pobwera chimanjamanja."

Koleji imene anafikirayo inali yaing'ono: nyumba zingapo za njerwa, bwalo la udzu pakati, belu, ndi msewu wotsikira ku siteshoni. Chiikhazikitsire inali isanalandirepo wophunzira wochokera kunja kwa dzikolo, kapena wa khungu losiyana ndi la eni ake. Dzina lake linawakanika. Mlembi wa mu ofesi analiyesa, lilime linapindika, anaseka n'kunena kuti, "Ayi, tizingoti Woyamba." Palibe anamufunsa ngati wavomera. Dzinalo linamumatirira ngati phula.

Amati mlendo ndi mame. Iyenso ankadziona choncho: zaka zochepa, pepala m'manja, sitima yomweyo n'kubwerera.

Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinamugwetsa. Mkazi wa mkulu wa koleji, amene aliyense ankangoti Amayi, anamuchotsa m'nyumba yogona anyamata n'kukamugoneka m'nyumba mwawo, m'chipinda cha mwana wawo amene anamwalira. Ankamumwetsa msuzi ndi supuni, kumusintha malaya onyowa ndi thukuta, kumukalipira akafuna kudzuka msanga. Izi ziyenera kunenedwa chifukwa zinachitikadi. Mayi uja sanali woipa. Akanakhala woipa bwenzi nkhani ino ili yaifupi, ndipo bwenzi Woyamba atapita kwawo.

Atachira, Amayi anamuitana ku chipinda chosokera, nkhope ili ngwee. Anali atapeza chithunzi m'buku lina la maulendo, cha anthu a dziko lakutali ovala mikanjo. Dzikolo silinali la Woyamba ayi, koma kwa Amayi kutali kunali kumodzi. Anatsitsa katani yakale ya m'chipinda chodyera, ya maluwa akuluakulu achikasu, n'kuisoka motsanzira chithunzicho.

"Chovala cha kwanu, mwana wanga. Kuti usamasowe kwanu kwambiri."

Kwawo amuna ankavala buluku ndi shati. Malume ake, mwini sitolo, anali ndi suti yakuda ndi wotchi ya pamkono. Koma Woyamba analeredwa m'nyumba imene mlendo sakana mbale ndipo sawongola mwini nyumba. Anaulandira mkanjowo ndi manja awiri, nathokoza. M'mphepete mwake, cha ku mapazi, munkaonekabe timabowo tolowa mphete za katani.

Ntchito ya mkanjowo inaoneka sabata yomweyo. Lachinayi lililonse sitima ya ku mzinda inkabweretsa anthu akufuna kwabwino, amene kolejiyo inkapumira m'matumba mwawo: eni mafakitale, akazi awo, amayi amasiye olemera. Mkulu wa koleji ankawadyetsa nkhomaliro, ndipo tsopano anali ndi chowaonetsa choposa mabuku ndi denga lodontha. Ankakhazika Woyamba pakati pa tebulo, mu mkanjo wake. Alendowo ankamuyang'anitsitsa m'mene akugwirira foloko. Ena ankapempha kugwira tsitsi lake, ena ankangogwira. Zakudya zikatha ankaimirira n'kunena mawu amene mkulu anamukonzera: kuti kwawo kuli mdima ndi matenda, kuti iye wabwera kudzatapa kuwala, kuti zikomo. Amayi olemera ankapukuta misozi, amuna ankapisa m'matumba, ndipo mkulu ankamusisita paphewa.

Tsoka lake, Lachinayi masana ndi pamene kalasi lake linkalowa mu labu. Phunziro la mankhwala silinali la m'mabuku okha. Munthu ankayenera kuima pa tebulo la labu, kuyeza pa sikelo, kudontheza, kusefa, aphunzitsi akuona ndi maso awo. Wojomba kwambiri sankaloledwa kulemba mayeso a mu labu, ndipo wopanda mayeso amenewo analibe pepala. Nkhomaliro inkayamba belu la labu likulira, ndipo inkatha anzake akutsuka kale mabotolo.

Anapita kwa mkulu wa koleji, nayima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndimati ndipemphe za Lachinayi. Labu ikundipita."

"Mwana wanga, labu yomweyo anaimanga ndani? Si anthu omwewa? Iwe ukadya nawo ndiye kuti ukugwirira ntchito labuyo. Kalankhule ndi aphunzitsi ako, akupezera nthawi ina."

Mphunzitsi wa labu anali bambo wowonda, wosaseka, amene ophunzira ankamutcha Magalasi. Anamumvetsera akupukuta sikelo, osacheuka.

"Mankhwala sadziwa kuti unali ku nkhomaliro. Ukalakwitsa mlingo wodwala amafa, ngakhale uli ndi chifukwa chabwino. Kawauze abwana akowo asunthe mbale zawo."

"Ati ndilankhule ndi inu, aphunzitsi."

"Walankhula. Ndayankha."

Chimene Woyamba sankadziwa n'chakuti awiriwo anali atasiya kulankhulana kalekale. Chipinda chodyera alendo poyamba chinali mosungira zipangizo za labu, ndipo mkulu anachilanda Magalasi ali ku tchuthi. Kuyambira pamenepo ankatumizirana mawu kudzera mwa mlembi, ndipo akakumana pabwalo aliyense ankapeza mtengo woti auyang'ane. Amuna awiri ophunzira, aliyense ndi mabuku odzaza khoma, analephera kusuntha mbale kapena belu pang'ono pokha. Wosuntha akanaoneka wogonja. Choncho palibe anasuntha, ndipo mnyamata ankayenda pakati pawo ngati mpira.

Chaka chitatha, mayeso a m'mabuku anakhoza kuposa onse. A mu labu sanamulole. Anapitanso kwa mkulu, akuganiza kuti amuthamangitsa.

"Kukuthamangitsa? Iwe? Malo ako alipo, bedi lako lilipo. Ubwereza, ndipo palibe akuwerengere. Kuno ndi kwanu."

Anathokoza, ndipo anathokoza ndi mtima wonse. Sanaone kuti munthu amene sathamangitsidwa angakhalenso munthu amene samasulidwa. Chaka chotsatira chinayenda chimodzimodzi, chinanso chimodzimodzi. Pa tchuthi anzake ankakwera sitima, iye n'kutsala yekha m'nyumba yogona, akupaka penti zitseko ndi kumva mapaipi akulira. Amene anayamba naye anamaliza, ena anabwera kudzaonetsa akazi awo. Ophunzira atsopano ankamupatsa ulemu poyesa ndi wantchito. Mauthenga a malume ake ankafupika, mpaka anatsala funso limodzi: kodi ndiwauze chiyani anthu?

Kubwerera wopanda pepala sakanatha. Akanatsika bwanji pa siteshoni ya kwawo, anthu n'kumufunsa kuti zaka zonsezi umatani, iye n'kuti ndimadya? Choncho anayamba kupemphera pemphero limene sankalinena mokweza: kuti kubwere mlendo wina, atenge mpandowo.

Anabweradi. Nkhomalirozo zinabala zipatso, ndipo koleji inaitana wophunzira wachiwiri wakunja. Anali mayi wamkulu ndithu, wamfupi, wa mapewa otambalala, amene anagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri asanabwere kudzawonjezera maphunziro. Onse ankangomuti Namwino. Kwawo kunali kutali ndi kwa Woyamba kuposa m'mene kolejiyo inatalikirana ndi onse awiri, ndipo chilankhulo chokha chimene ankamvana chinali cha pakolejipo. Koma mkulu anawagwiritsa manja pa siteshoni n'kunena kuti, "Woyamba, mlongo wako wafika."

Namwino anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndinu achimwene anga? Amayi sanandiuzepo. Nyamulani sutikesi, tione ngati ndinu m'bale weniweni."

Anainyamula mokondwa, ndipo chimene chinkamukondweretsa si ubale ayi. Njira yonse yokwera ku koleji ankaona m'maganizo mayiyu atakhala pakati pa tebulo, iye ali mu labu.

Koma makatani a m'chipinda chodyera anali awiri. Amayi anatsitsa inayo. Mkulu anati akufuna kwabwino akondwa kuona m'bale ndi mlongo wake pamodzi, ndipo Lachinayi lotsatira anawakhazika moyandikana, onse a maluwa achikasu, ngati mipando ya nyumba imodzi.

Msuzi utabwera, bambo wina wonenepa, mwini fakitale ya nsapato, anaweramira kwa Namwino, akutafuna.

"Tandiuzani mayi, supuni mwaionera kuno?"

"Ayi bambo, kwathu ziliko," anatero Namwino, osakweza mawu. "Chimene ndaonera kuno ndi munthu wamkulu kulankhula chakudya chili m'kamwa."

Bamboyo anasiya kutafuna. Mkulu anatsokomola n'kuyamba kukamba za mvula. Lachinayi lotsatira mlembi anauza Namwino kuti asavutike kubwera, maphunziro ake ndi ofunika. Mayi uja anamasuka ndi chiganizo chimodzi. Woyamba, amene anakhala zaka akumwetulira, anatsala pa mpando wake.

Anakapeza Namwino kuseri kwa nyumba yochapira, akuyanika mayunifolomu.

"Achemwali, mwachita zoopsa. Akanakuthamangitsani."

"Andithamangitsa? Ndili pano ndikuyanika. Gwirani uku." Anamupatsa nsonga ya nsalu kuti afinye. "Inu achimwene a katani, vuto lanu ndi ulemu. Mwaudya mpaka wakutsekani pakhosi."

"Anandisamala ndikudwala. Ndikanafa."

"Ine ndasamala odwala ambirimbiri. Palibe amene ndinamusunga pakhomo panga kuti azindivinira. Wochira amapita kwawo, ndiye kuchira kwake."

"Ndiye nditani?"

"Lakwitsani dala. Tayirani msuzi pamwendo pa munthu. Kapena ingonenani zoona, zimanunkha kuposa msuzi. Mudzaona Lachinayi lanu likubwerera lokha."

Anaganiza sabata yonse. Msuzi sakanatha kutaya, dzanja lake silikanalola. Anasankha zoona. Lachinayi litafika, zakudya zitatha, anaimirira n'kusiya mawu a mkulu.

"Kwathu kulibe mdima umene ndakhala ndikukuuzani. Mumsewu mwathu muli magetsi. Malume anga ali ndi sitolo, amagulitsa supuni ndi mafoloko, ngakhale nsapato zanu, bambo. Ndipo ichi ndavalachi si chovala cha kwathu. Ndi katani. Inali pa zenera ilo. Onani mabowo a mphete."

Anakweza mphepete mwa mkanjo, n'kudikira kuti denga ligwe.

Amene anayamba kuseka anali mayi wina wamasiye wokalamba kwambiri, amene analipirira Woyamba ulendo wobwera ndipo ankamutcha mwana wake. Anaseka mpaka kugwira pachifuwa. Ena anatsatira. Mwini fakitale anamenya tebulo, misozi ikutsika.

"Katani. Mwamva? Ali ndi nthabwala mnyamatayu. Bwana mkulu, mwatibisira chiyani nthawi yonseyi? Sabata yamawa ndibwera ndi anzanga, adzanenenso ya kataniyo."

Mawu omwewo amene akanatuluka m'kamwa mwa Namwino akanaluma, m'kamwa mwa iye anasanduka masewera. Anali atawazoloweretsa kuti saluma. Tsiku limenelo anapereka kuposa masiku onse, ndipo mkulu anamusisita mapewa onse awiri.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Amayi anakhala kumapeto kwa tebulo, akuyang'ana m'mbale. Alendo atapita anamuitana ku khitchini monga mwa masiku onse, anamuthirira tiyi, anamuikira shuga m'mene ankakondera.

"Ukanandiuza, mwana wanga," anatero, osamuyang'ana. "Ndikanasoka china."

Woyamba anamwa tiyiyo ngati akumeza mchenga. Akanakonda akanamutukwana.

Chaka chimenecho kunamveka kuti makoleji ang'onoang'ono asiya kuphunzitsa osakaniza mankhwala, phunzirolo likusamukira ku mzinda, ndipo kumeneko sakalandira obwereza. Mayeso a mu labu amene ankabwerawo anali omaliza. Magalasi anamuimitsa pabwalo, zimene anali asanachitepo.

"Iwe. Mapepala ako ndimawaona. Mutu uli nawo, manja sindikuwadziwa. Chaka chino za kujomba ndatseka maso. Bwera pa mayeso Lachinayi likudzali, undionetse manja. Ukakhoza, nyamula pepala lako uzipita kwanu."

"Zikomo aphunzitsi, zikomo kwambiri."

"Usathokoze, ndatopa nako kuthokoza kwako. Koma umve: wotuluka pakhomo mayeso ali m'kati, watuluka. Lamulo limenelo sinditsekera maso aliyense."

Woyamba anapita kwa mkulu n'kunena, koyamba m'moyo wake osapempha, kuti Lachinayi sabwera ku nkhomaliro. Mkulu anali akufunafuna china m'kabati. "Chabwino, chabwino, mwana wanga," anatero. Masiku otsalawo Namwino ankamubwereka mabotolo a ku chipinda cha odwala, ndipo ankayeserera kuyeza ndi madzi ndi mchere mpaka manja atazolowera.

Tsikulo linafika. Anavala jasi loyera lobwereka, lalifupi mikono, n'kuima pa tebulo la pafupi ndi zenera. Ntchito inali yosungunula ufa wina, kuusefa, n'kuutenthetsa pang'onopang'ono pa moto wa gasi mpaka m'mbale mutayamba kuoneka timibulu toyera. Inkafuna diso. Ukachotsa msanga palibe chimatuluka, ukachedwa zimapserera. Anayeza, sikelo inakhazikika. Anasefa, madzi anatuluka oyera mbee. Magalasi anadutsa kumbuyo kwake, anaima, anayang'ana, napitirira osanena kanthu, ndipo aliyense mu labumo ankadziwa kuti kwa bambo uja kumeneko ndiye kuyamikira. Woyamba anayatsa moto. Kunja sitima ya ku mzinda inalira, koma iye sanadzutse mutu.

Mbale itayamba kutulutsa nthunzi, pachitseko panamveka kugogoda. Sanali mlembi, sanali mkulu. Akanakhala amenewo bwenzi zili zosavuta. Anali Amayi, akupuma mofulumira chifukwa cha masitepe, mkanjo uli pamkono.

"Pepani aphunzitsi, sindilowa." Anayang'ana kwa Woyamba. "Mwana wanga, ndikudziwa ndi tsiku lanji. Sindikanabwera. Koma mayi wamasiye uja afika osatiuza. Awatsitsa m'sitima pa mpando, madokotala anawaletsa kuyenda. Akuti abwera kudzatsanzikana ndi mwana wawo. Sakudya, akungoyang'ana pakhomo."

Labu yonse inasiya ntchito. Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta.

"Amayi, tili pa mayeso."

"Ndikudziwa, bambo. Angowapatsa moni, abwerera. Ndi pafupi pomwepa."

"Chitseko chilibe pafupi."

Sanakangane kuposa pamenepo. Onse awiri anayang'ana kwa iye, ndipo aliyense anali wotsimikiza kuti wamusiyira ufulu wosankha. Amayi sanaopseze, sanakumbutse za chifuwa chija kapena chipinda cha mwana wawo. Anangoima, tsitsi laimvi litamasuka mbali imodzi, manja amene anamumwetsa msuzi atagwira nsalu imene iye anainyoza pamaso pa anthu. Woyamba anayang'ana mbale. Madzi anali akadali ambiri. Anaganiza kuti akachepetsa moto, akathamanga, akangogwira dzanja la mayi wokalambayo, abwera timibulu tisanayambe. Anaganizanso kuti Magalasi ndi munthu, ndipo munthu amene watseka maso kamodzi angatsekenso. Kwawo, munthu amene ali pafupi kufa akakuitana supitiriza ntchito.

Anachepetsa moto.

"Ndibwera pompano, aphunzitsi."

Magalasi anavalanso magalasi ake.

Mkanjo anauvalira m'njira, pamwamba pa jasi loyera. Mayi wamasiye anamugwira dzanja ndi zala zozizira ndipo sanalisiye. Anamufunsa ngati akudya bwino. Anamuuza za mwamuna wake, za nyumba yawo yoyamba. Kenako anapempha kuti anene ya katani ija, aseke komaliza. Anainena. Anzake a mwini fakitale anali atabwera, ndipo anaseka kwambiri. Atafuna kuchoka, mkulu anamugwira pamkono kuti ajambulitse chithunzi, ndipo wojambula anachedwa kukonza makina ake.

Anathamanga kudutsa pabwalo, mkanjo ukumukola miyendo. Chitseko cha labu chinali chokhoma. Anagogoda pang'ono, monga anaphunzitsidwira kugogoda. Pa galasi la chitsekocho ankaona misana ya anzake itaweramira pa matebulo, ndi tebulo lake la pa zenera. Palibe anazimitsa moto wake, pakuti pa mayeso munthu sagwira za mnzake. Mbale inali itaphwa, pansi pake pali chikanga chakuda, kautsi kakukwera. Magalasi anadzutsa mutu, anamuona, anayang'ana maluwa achikasuwo, n'kubwerera ku zimene ankalemba.

Namwino anamupeza atakhala pa masitepe a labu, anthu onse atapita. Sanamunyoze. Anakhala pambali pake, n'kumuthandiza kuvula mkanjo, pakuti zipi inali itagwira jasi.

"Achimwene," anatero, "tiyeni tikakwere limodzi ndikamaliza. Pepala si munthu. Malume anu akalipa, atopa."

"Simukuwadziwa anthu akwathu, achemwali."

"Ndi akwathu omwe, paja ndife a mimba imodzi."

Anaseka pang'ono, koma sanavomere.

Patapita sabata Magalasi anamuitana. Wotsuka mabotolo mu labu anali atapuma ntchito, ndipo labuyo inkafunikabe pa maphunziro ena. "Manja ndawaona," anatero. "Ndi abwino. Pepala sindingakupatse, ntchito ndingakupatse." Mkulu anavomera msangamsanga, ndipo aka kanali koyamba kuti awiriwo agwirizane pa chinthu. Anangopempha kuti Lachinayi masana azimumasula. Magalasi, amene anakana zimenezi kwa wophunzira zaka zonse zija, kwa wotsuka mabotolo sanaone vuto.

Woyamba anauza malume ake kuti wapeza ntchito mu labu ya koleji. Silinali bodza. Malumewo anauza anthu kuti mphwawo wakwera kwambiri moti azungu a mankhwala akumukaniza, ndipo anamwalira akukhulupirira choncho. Chipatala chinalemba munthu wina. Namwino anamaliza, ndipo Woyamba anamunyamulira sutikesi kutsikira ku siteshoni.

Iye anakhala. Alendo ena anabwera, a mitundu ndi zilankhulo zosiyanasiyana, mpaka anachuluka moti palibe ankawagwiranso tsitsi. Aliyense wofika ankamutumiza kwa Woyamba, ndipo iye ankawaonetsa kogula majasi otchipa, sitolo imene sawatsatira m'mbuyo, ndi wometa amene sakana. Ankawauzanso chinthu chimodzi, motsitsa mawu, akutsuka mabotolo: akakuitanani ku chakudya nthawi ya kalasi, nenani kuti mwadwala m'mimba. Ambiri ankaseka, poyesa ndi nthabwala za bambo wokalamba. Ankamaliza, ankapita.

Anakwatira mayi wa ku nyumba yochapira, anabereka ana, anamanga kanyumba kumunsi kwa siteshoni. Amayi atakalamba n'kufedwa mwamuna, ndi iye ankawadulira nkhuni ndi kuwaperekeza ku chipatala, ndipo sanawanenepo choipa ngakhale kwa mkazi wake. Ana ake atakula anasonkherana kuti apite akaone kwawo. Anakana. Anati amene ankamudziwa anatha, ndipo otsalawo akamufunsa kuti anapita kukatenga chiyani. Anapuma ntchito maso atayamba kulephera kuwerenga sikelo, ndipo anamwalira nyengo yozizira, ndi chifuwa. Anamuika kumanda a kuseri kwa koleji, mzere wa antchito.